Galimoto yomwe a inshulansi anaitaya, akuiyendetsa ndani lero?

Loweruka lina m'mawa ndinaperekeza alamu anga ku galaja ina ya ku Ndirande. Panali patatha miyezi itatu chigulire Toyota Sienta yoyera ndi ndalama zawo za penshoni, zomwe anazivutikira zaka zambiri akuphunzitsa ana a pulayimale. Maganizo awo anali oti galimotoyo izinyamula anthu pakati pa Limbe ndi Thyolo kuti pakhomo pasamasowe mchere ndi sopo. Dandaulo lawo linali laling'ono. Tayala la kutsogolo kumanzere linkadyeka mbali imodzi, ndipo akangosiya chiwongolero pang'ono galimoto inkakokera kunja kwa msewu. Anali atapita kawiri kwa owongola matayala, koma zinali chimodzimodzi.

Makaniko wake, bambo waimvi wosakonda zolankhulalankhula, sanathamangire kutsegula boneti. Anatulutsa kamaginito ka sipika ya wailesi yakale, n'kukakulunga m'kansalu kuti kasakale penti, kenako anayamba kukayendetsa pathupi la galimoto. Pachitseko cha kumbuyo kanamata. Padenga kanamata. Atafika pamwamba pa tayala lodyekalo, kamaginito kanagwa pansi. Kunsi kwa penti wonyezimirayo kunali fila wokhuthala pafupifupi ngati chala. Anavundukula kapeti ya mbali ya wokwera, ndipo tinaona mzere wowotcherera woyenda mopingasa, wotupa ngati chipsera cha opaleshoni. Pomaliza anawauza alamu kuti apotoze kiyi osaliza injini. Timagetsi tonse ta padashibodi tinayaka, kupatula kamodzi: ka airbag.

"Achikulire," anatero akupukuta manja, "galimoto iyi inagundapo koopsa, ndipo amene anakugulitsani akudziwa."

M'buti, pansi pa tayala lapadera, tinapezamo nambala yolembedwa ndi penti wachikasu, yofanana ndi zomwe amalemba pa galimoto zangozi zikandandalikidwa pabwalo kudikira ogula. Mu blue book munalibe mawu aliwonse onena za ngozi. Chiphaso cha COF chinali pagalasi, chatsopano.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya galimoto zomwe makampani a inshulansi amazitaya, zija amati write-off, sinachokenso m'mutu mwanga.

Anthu ambiri akamva mawu amenewa amaganiza za chiphwanyaphwanya cha zitsulo chomwe munatuluka maliro. Si nthawi zonse. Kwa a inshulansi nkhani ndi ya masamu. Galimoto yomwe ili pa inshulansi ya comprehensive ikachita ngozi, kampani imatumiza katswiri woyesa kuwonongeka. Iye amawerengera mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito, n'kuufanizira ndi mtengo womwe galimotoyo ikanagulitsidwira tsiku loti mawa lake ichita ngozi. Akaona kuti kukonza kudya ndalama zoyandikira mtengo wa galimoto yonse, kampani imasankha kulipira mwini wake, ndipo chotsalacho, chomwe amati salvage, chimakhala chake. Kuti ibwezeko ndalama, imachigulitsa. Mwina munaonapo zilengezo zotere m'nyuzipepala: mndandanda wa galimoto, tsiku lokaziona, ndi chenjezo loti wogula atenga katundu momwe alili, pomwe ali.

Choncho Daihatsu Mira yakale ikhoza kutayidwa chifukwa cha nyali ziwiri za kutsogolo, bampala ndi ladiyeta, pomwe mafupa ake ali bwinobwino. Ford Ranger yatsopano yomwe yakunkhulika mwina singatayidwe, poti mtengo wake ndi waukulu. Kugwa kwa kwacha kunawonjezera vutoli. Ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Zipangizo za galimoto pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndiye mitengo yake inakwera nthawi yomweyo, pomwe munthu yemwe sanakonzenso pangano lake anakhalabe ndi inshulansi ya mtengo wakale. Zikatero ngozi yaying'ono imakwanira kuti masamu agwe.

Ndiye tisanamize anthu kuti galimoto iliyonse yochokera ku salvage ndi bokosi la maliro. Ndikudziwa amisiri a ku Biwi ku Lilongwe ndi a ku Ndirande komweko omwe amagula galimoto zotere n'kuzikonza ndi mtima wonse. M'dziko lomwe galimoto iliyonse imalowa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, kuphwasula galimoto yoti ikanatha kuyendanso n'kutaya chuma. Mmisiri wotere amadyetsa banja lake, amalemba ntchito anyamata owotcherera ndi opopera penti, ndipo amathandiza munthu wa ndalama zochepa kukhala ndi chokwera. Ntchito imeneyi ndimaipatsa ulemu.

Pomwe pamavuta ndi pogulitsa. Tiyerekeze kuti galimoto yabwinobwino ya mtundu wina ikugulitsidwa K15 miliyoni. Munthu wagula yangozi pa K6 miliyoni. Akaikonza moyenera, n'kuikamo ma airbag, malamba atsopano ndi kuiwongola pamakina, mwina alowetsa K5 miliyoni. Akanena chilungamo kuti inali yangozi, ogula amutsitsa mpaka K12 miliyoni, ndipo phindu lake ndi K1 miliyoni. Koma akangoipachika fila ndi penti wa K2 miliyoni, n'kutseka pakamwa, aigulitsa K15 miliyoni n'kutsala ndi K7 miliyoni. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mpata wake ndi umenewo. Ndalama zambiri sizichokera m'luso la manja. Zimachokera m'kusanena.

Ndipo zomwe munthu wotere amadumpha ndi zomwe maso saona. Galimoto za masiku ano anazipanga kuti kutsogolo kuzipindika pang'onopang'ono ikagunda, n'kumamwa mphamvu ya ngoziyo isanafike pomwe pakhala anthu. Chitsulo chomwe chinapindikapo kale, wina n'kuchiotcha ndi moto wa gasi, n'kuchikoka ndi tcheni chomangirira kumtengo wa mango, chimaoneka chowongoka koma mphamvu yake inatha. Tsiku la ngozi yachiwiri chimangonyotsoka, injini n'kulowa m'miyendo ya anthu. Airbag imaphulika kamodzi kokha. Yatsopano ndi yodula, ndiye ena amangomata chivundikiro chake pachiwongolero, m'kati muli mbee, n'kuchotsa kababu ka padashibodi kapena kulumikiza kachipangizo konamiza kompyuta ya galimoto. Malamba nawonso ali ndi kachida komwe kamawakoka mwamphamvu pa nthawi ya ngozi, ndipo kakagwira ntchito kamodzi kamafunika kusintha. Palinso ena omwe amatenga kutsogolo kwa galimoto ina ndi kumbuyo kwa ina n'kuziwotcherera pamodzi. Zoterezi zikapakidwa penti zimakhala chikomekome cha mkuyu, ndipo amene amakwera kumbuyo ndi amayi opita kumsika ndi ana asukulu omwe sanafunsidwe n'komwe.

Galimoto zambiri za pamisewu yathu zinayamba moyo wake kwina, ndipo kumeneko mbiri ya ngozi imalembedwa. Ku Britain, komwe abale athu ambiri amagula galimoto zotumiza kumudzi, a inshulansi amaika galimoto zotayidwa m'magulu anayi, malinga ndi dongosolo lomwe linayamba mu October 2017. Gulu A ndi yoti iphwanyidwe yonse, osachotsapo ngakhale bawuti. Gulu B ndi yoti achotsemo zipangizo zabwino koma thupi lake liphwanyidwe. Gulu S ndi yomwe yavulala mafupa koma ingathe kukonzedwa, ndipo gulu N ndi yomwe mafupa ake sanakhudzidwe, ngakhale kuti vuto likhoza kukhala la mabuleki, chiwongolero kapena magetsi. Magulu awiri omalizawa analowa m'malo mwa magulu akale a C ndi D. Galimoto ya gulu S ikabwerera pamsewu, bungwe la DVLA limalemba zimenezi m'buku lake la V5C. Ya gulu N silembedwa m'bukulo, koma munthu akalipira ndalama pang'ono ku makampani ofufuza mbiri ya galimoto monga HPI, zimatulukira. Mbiri ya mayeso a MOT, pamodzi ndi mtunda womwe galimoto inali itayenda chaka chilichonse, imapezeka mwaulere pa intaneti ukangodziwa nambala yake ya ku Britain. Pamisika monga Copart galimoto zotere zimagulitsidwa tsiku ndi tsiku, zithunzi zake zili poyera.

Ku Japan, komwe kumachokera ma Sienta, ma Vitz, ma Probox ndi ma Demio athuwa, galimoto yopita ku okushoni monga ya USS imayesedwa ndi katswiri yemwe amalemba pepala lake. Pakona ya pepalalo pamakhala giredi: 4, 4.5 kapena 5 kwa galimoto yabwino, ndipo R kapena RA kwa yomwe inakonzedwapo mafupa. Pamakhalanso chithunzi cha galimoto chokhala ndi zizindikiro: A pomwe pakalika, U pomwe paphwanyika pang'ono, W pomwe anawongola n'kupenta, ndi XX pomwe anasinthiratu chitsulo. Kusintha chitseko kapena bampala kokha sikupangitsa galimoto kukhala R. Giredi imeneyi imatanthauza kuti ngozi inafika m'kati, pansanamira, padenga kapena pansi. Chikalata chotulutsira galimoto m'dzikolo chimaonetsanso mtunda womwe unalembedwa pamayeso a boma omaliza, choncho wobweza mita m'mbuyo amagwidwa nacho.

Ku South Africa amagwiritsa ntchito manambala. Code 1 ndi yatsopano, Code 2 ndi yogwiritsidwapo ntchito, Code 3 ndi yomangidwanso itawonongeka kwambiri, Code 3A ndi ya zipangizo zokha, ndipo Code 4 ndi yophwanyidwiratu. Komabe bungwe la owongola galimoto kumeneko, SAMBRA, lakhala likudandaula kwa zaka kuti galimoto zambiri zomwe a inshulansi anazitaya zimabwerera pamsika zikadali Code 2, ngati kuti palibe chinachitika. Mu 2023 bungwe la makampani a inshulansi, SAIA, linatsegula tsamba lotchedwa VIN-Lookup, pomwe munthu amalowetsa nambala ya chasisi n'kuona ngati galimoto ili m'gulu la Code 3, 3A kapena 4. N'chiyambi chabwino, ngakhale kuti za Code 2 zija n'zomwe zimapweteka anthu kwambiri.

Mbiri yonseyi ndi yosavuta kutayika panjira. Galimoto ikatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, kapena ikachokera ku Durban n'kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, zomwe zimayang'aniridwa ndi msonkho wa MRA, chiphaso cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ndi kulembetsa ku Road Traffic mu MalTIS. Ikalandira nambala ya kuno imakhala ngati yabadwa kumene. Pepala la okushoni lija limatsala m'foni ya woitanitsa, ndipo ngati pali R pamenepo, wogula wa pamsika wa galimoto salionanso. Akafunsa amauzidwa mawu omwe tonse tinawamvapo: yangofika kumene bwana, sinayendepo m'Malawi, mwini wake anali mayi wachikulire. Mayeso a COF amaona mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zotero pa tsikulo. Sanapangidwe kuti aziona ngati m'chiwongolero muli airbag, kapena ngati chitsulo cha pansi pa kapeti chinaotchedwapo.

Pali mtundu wina wa write-off womwe ndimauopa kuposa wa ngozi, chifukwa sukhala ndi chipsera: galimoto yomira m'madzi. Mu April 2022 madzi osefukira analowa m'fakitale ya Toyota ku Prospecton, mumzinda wa Durban, ndipo ntchito inaima kwa miyezi pafupifupi inayi. Kampaniyo inasankha kuphwanya galimoto zatsopano pafupifupi 4,000 m'malo mozitsuka n'kuzigulitsa. Anthu omwe anapanga okha galimotozo anadziwa kuti madzi amatope akalowa m'mawaya, m'makompyuta ndi m'timabowo ta thupi la galimoto, vuto limabwera mochedwa. Lero mawindo akana kutsika, mwezi wamawa giya yayamba kudumpha, tsiku lina injini yazima pakati pa mapiri a Chikwawa. Ifenso tinaona matope a namondwe Freddy mu March 2023 akutsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi galimoto ku Chilobwe. Ku Japan namondwe Hagibis anamiza madera ambiri mu October 2019. Galimoto yotere imadziwika ndi fungo la chinyontho lomwe amayesa kulibisa ndi mafuta onunkhira, dzimbiri pazitsulo za pansi pa mipando, ndi timchenga m'malo omwe payipi ya otsuka galimoto safikamo. Kokani lamba mpaka kumapeto kwake. Ngati chakumapetoko kuli mzere wa matope, musavutikenso n'kufunsa.

Nthawi zina wogula galimoto yophwanyikiratu safuna zitsulo zake n'komwe. Amafuna mapepala. Akapeza galimoto yobedwa ya mtundu ndi chaka chofanana, amadula nambala ya chasisi ya yakufayo n'kuiwotcherera pa yobedwayo, ndipo blue book ya yakufa imayamba kuyenda ndi thupi lina. N'chifukwa chake maiko ena amaumirira kuti thupi la galimoto ya gulu A kapena B liphwanyidwe ndipo mapepala ake afafanizidwe. Wogula wosalakwa apolisi akamupeza nayo galimoto yotere amailanda, ndipo ndalama zake zimapita. Kudalira madobadoba kuti akuyendetsereni mapepala osinthira umwini inu muli kunyumba n'kudziika pamsampha umenewu. Pitani nokha, pamodzi ndi amene dzina lake lili mu blue book, ndipo yang'anani ndi maso anu nambala yodindidwa pachitsulo, osati ya pakapepala komata kokha.

Zomwe anatiphunzitsa makaniko uja sizifuna sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto ioneni masana, itatsukidwa, osati madzulo kapena mvula ikugwa. Yang'anani mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi thupi ngati ikufanana mbali zonse. Mitu ya mabawuti ogwira boneti ndi zitseko imakhala ndi penti wa kufakitale, ndipo sipanala ikadutsapo imasiya chizindikiro. Nthawi zambiri magalasi onse amakhala ndi chidindo cha kampani imodzi, choncho limodzi likasiyana funsani chifukwa chake. Kagetsi ka airbag kayenera kuyaka mukapotoza kiyi, n'kuzima pakatha masekondi angapo. Kakapanda kuyaka, kapena kakazimira limodzi ndi ka oyilo injini ikalira, wina anagwirapo mawaya. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mumulipire kuti alowe pansi ndi tochi. Ndalama yomwe mumupatse ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya matayala omwe alamu anga anasintha m'miyezi itatu.

Kwa amene akufuna kulowa m'malonda ogula ndi kukonza galimoto za salvage, ndinena zomwe ndinaona kwa amisiri omwe makasitomala awo amabwerera. Amasankha galimoto yomwe inatayidwa chifukwa cha masamu, osati chifukwa cha mafupa. Amajambula zithunzi isanakhudzidwe, ikukonzedwa, ndi itatha. Amasunga malisiti a chipangizo chilichonse ndi kalata yogulira ku kampani ya inshulansi. Pogulitsa amaika zonsezi patebulo, n'kulemba m'pangano kuti wogula wauzidwa. Mtengo umatsika, inde, koma palibe amene amabwera pakhomo pawo ndi apolisi. Malamulo athu oteteza ogula amaletsa wamalonda kunamiza munthu za katundu yemwe akumugulitsa, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Wogula naye ali ndi udindo wake. Pokagula inshulansi ayenera kuulula kuti galimoto inatayidwapo, chifukwa pangano la inshulansi limaima pa kunena zoona. Akabisa, tsiku la ngozi kampani ikhoza kukana kulipira, kapena kulipira zochepa.

Chomwe ndimalakalaka n'choti makampani a inshulansi, kudzera m'bungwe lawo la Insurance Association of Malawi, agwirizane ndi a Road Traffic komanso Reserve Bank yomwe imawayang'anira, kuti galimoto iliyonse yotayidwa izilembedwa pamalo amodzi pomwe munthu wamba angafunse ndi foni yake. Kampani iliyonse ili kale ndi nambala za chasisi za galimoto zomwe inalipira n'kugulitsa, ndipo MalTIS ili kale ndi nambala za galimoto zolembetsedwa. Galimoto yomwe inavulala mafupa isabwerere pamsewu mpaka injiniya ataiyesa, ndipo blue book yake izinena. Amisiri achilungamo ndi omwe angapindule kwambiri, chifukwa pakali pano akupikisana pamtengo ndi anthu a fila ndi penti.

Alamu anga anabwerera kwa yemwe anawagulitsa. Anawayankha kuti naye anaigula choncho, kenako foni yake inasiya kupezeka. Kunyumba kunali kukambirana kwa masiku angapo. Achibale ena anawalangiza kuti aitsukitse bwino, aike matayala atsopano, aigulitse msanga momwe anaigulira. Mlongo wanga ndi amene anakana. Anafunsa kuti kodi akadzamva pa wailesi kuti Sienta yoyera yapha anthu pa Bvumbwe, adzagona tulo?

Anaichotsa pamsewu. Patatha milungu ingapo kunabwera mnyamata wina wogulitsa zipangizo za galimoto ku Limbe. Alamu anamutengera okha kwa makaniko uja, anavundukula kapeti, n'kumuonetsa mzere wowotcherera. Mnyamatayo anamvetsera injini, anayesa giya, n'kutchula mtengo wosafika theka la ndalama zomwe iwo analipira. Anagwirizana kuti galimotoyo ikaphwasulidwa, ndipo anapitira limodzi ku Road Traffic kukanena kuti siyendanso. Tsiku lomwe inanyamulidwa, alamu anachotsamo kabuku kawo kolembamo ndalama za tsiku ndi tsiku ndi ambulera, ndipo anaima pageti mpaka lole yoinyamula inakhota pakona.